Woweruza Iris Amayambira Pansi

Munthu akaona duwa la iris koyamba, maso ake amathamangira pa utoto, ndipo palibe angamunene. Alipo oyera mbee, achikasu, apinki, abuluu, apepo, a khofi, ena akuda bii, enanso osakaniza utoto utatu pa duwa limodzi. Koma pa muyeso umene bungwe la American Iris Society limapatsa oweruza ake kuti aziyesera iris wamtali wandevu ali m'munda, utoto umangopeza malikisi 5 pa 100. Duwa lonse, kuwerengera kaumbidwe ndi kulimba kwake komwe, limapeza 25. Phesi lonyamula duwalo limapeza 35, chomera chenichenicho ndi masamba ake 30, ndipo 10 otsalawo ndi a funso limodzi: mutazula chikwangwani cha dzina, kodi mtundu umenewu mungauzindikire pakati pa anzake?

Muyeso umenewu ndimaukonda chifukwa anaulemba ndi anthu okonda maluwa koposa, amene anaphunzira kuti duwa limatha kunamiza. Chithunzi cha m'kabuku ka malonda chimaonetsa duwa limodzi, lojambulidwa m'mawa wa tsiku limene lamasula, dzuwa lisanalimenye, mvula isanaligwere. Sichinena kuti mawa lake phesi linagwa ndi mphepo, kapena kuti chaka chotsatira pamalopo panangotsala dothi. Woweruza wophunzitsidwa bwino akalowa m'munda mwezi wa Meyi, nthawi imene maluwawa amamasula ku Ulaya ndi ku North America, amayamba waima chapatali kuti aone phata lonse. Kenako amawerama n'kuyang'ana pansi. Duwa amalifikira pomaliza.

Kwawo kwa iris wandevu ndi pakati ndi kum'mwera kwa Ulaya, mpaka ku Turkey ndi maiko oyandikana nalo. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara samera yekha kutchire, ngakhale abale ake a banja limodzi, monga gladiolus wa ku Nyika, tili nawo. Ali ndi tsinde lonenepa lokwawa pamwamba pa dothi, longa la jinja, limene limafuna kuti msana wake uziwombedwa ndi dzuwa. Masamba ake ndi aatali, osongoka, ophwatalala. Amamutcha wamtali ngati phesi lake lapitirira masentimita 70. Duwa lili ndi timasamba titatu toimirira, tokumana pamwamba, ndi titatu togwera kunja. Pa kasamba kalikonse kogwera pali mzere wa ubweya, ndiwo ndevu zija, ndipo ndi pamene njuchi imatera.

Chimene woweruza akuweramira ndi ichi: tsinde lililonse limachita maluwa kamodzi kokha pa moyo wake. Likatero ntchito yake yatha, ndipo za chaka chamawa zili m'manja mwa ana amene laphukira m'mbali. Iris wabwino amatulutsa ana atatu mpaka asanu pa tsinde chaka chilichonse. Akachepera apo, phata limanka linyentchera. Pali mitundu ina imene matsinde ake onse amachita maluwa chaka chimodzi osasiya mwana, ndipo mwini munda amasangalala milungu iwiri n'kutsala chimanjamanja. Ina imabereka ana ambirimbiri, phata n'kudzaza masamba okhaokha, maluwa osaoneka. Oweruza amafuna kuti pa matsinde anayi alionse, limodzi likhale ndi phesi, ndiponso kuti phata lichite bwino zaka zitatu zotsatizana popanda kulikumba. Amayang'ana masamba ngati ali obiriwira, olimba, opanda mawanga a matenda. Amagwira tsinde ndi chala. Pali nthenda ya mabakiteriya imene imafewetsa tsinde n'kulisandutsa phala lonunkha, makamaka kumene kumagwa mvula nthawi yotentha, ndipo wodziwa ntchito amaimva ndi mphuno asanaione. Kupirira kotereku kumalandira malikisi 15, kuwirikiza katatu a utoto.

Phesi ndilo limatenga gawo lalikulu, ndipo kwa ine ndi pamene nzeru za ntchitoyi zimaonekera bwino. Duwa limodzi la iris, likakhala labwino, limatha masiku atatu. Ndiye kutalika kwa nyengo ya maluwa kumadalira kuchuluka kwa mitu yosamasula imene phesi lanyamula, ndi ndondomeko imene mituyo imamasulira. Oweruza amafuna mitu yosachepera 7, yogawidwa pa nthambi ziwiri kapena kuposerapo ndi pansonga. Koma kuwerenga kokha sikukwanira. Phesi la mitu 9 limene limamasula maluwa anayi tsiku limodzi limakongola kwambiri Loweruka, alendo n'kulijambula, koma pofika Loweruka linalo lafota. Lina la mitu 7, limene limamasula duwa limodzi kapena awiri, ili likamafota ilo n'kumatsegula, limakhala likuveka munda kwa milungu iwiri. Wobwera tsiku limodzi sangadziwe kusiyana kumeneku. N'chifukwa chake woweruza amayenera kubwereranso m'sabata yomweyo, ndiponso chaka chinacho.

Nthambi nazo zili ndi kakhalidwe kake. Ikayambira m'munsi kwambiri, duwa limabisala m'masamba. Zonse zikaunjikana kumtunda, maluwa amapanikizana ndipo mutu umalemera. Nthambi ikakhotera m'kati, duwa limamasulira pa phesi n'kupindika kapena kung'ambika kumene. Yabwino imachoka pa phesi, kutambasukira kunja pang'ono, kenako n'kuloza kumwamba, kotero kuti duwa lililonse lili ndi mpata wakewake ndipo limaoneka lonse. Ndipo phesi liyenera kuima lokha njo. Maluwa amakono ndi aakulu, akanyowa amalemera, mphepo ikaomba amakoka. Iris wofuna kumangiriridwa ku kamtengo walephera kale, kaya duwa lake likongole chotani. Woweruza amayang'ananso kulingana: duwa lalikulu pa phesi lalifupi limaoneka lophinjika, kaduwa kakang'ono pa phesi lalitali lonenepa kamasowa.

Akafika pa duwa, chinthu choyamba si utoto ayi koma mnofu wa timasamba take. Timasamba ta iris akale tinali topyapyala, moti dzuwa la masana amodzi linkatifoola, mvula n'kutiboola. Duwa la mnofu wabwino limasunga kaumbidwe kake kuyambira pamene lamasula mpaka tsiku lachitatu. Timasamba toimirira titha kutsekana pamwamba kapena kusiya mpata, zonse n'zololedwa, bola mtsempha wapakati ukhale wolimba kuti tisagwe. Togwera kunja tiyenera kukhala totambalala, makamaka m'mapewa momwe tachokera, osati topyapyala tongolendewera. Koma natonso tikatambasuka kwambiri n'kukhala chopingasa, munthu woima patali amangoona m'mphepete mwake, utoto wonse ukuyang'ana kumwamba. Makwinya a m'mphepete amakongoletsa ndiponso amalimbitsa duwa, koma akachuluka, mutu umakanika kumasula ndipo timasamba timang'ambika potuluka. Utoto ukafikiridwa, funso limakhala loti kodi ndi woyera bwino, kodi susuluka ndi dzuwa. Maluwa akuda kwambiri amamwa kutentha ndipo ena amapsa m'mphepete masana asanathe.

Zonsezi ndi za m'munda. Pa chionetsero cha m'holo, pamene mapesi odula aimikidwa m'mabotolo, amene akuyesedwa ndi mlimi: kodi walera bwanji mtunduwo, waudula nthawi yake, wausamala pa ulendo? Mphotho zazikulu za mtundu weniweniwo zimachokera m'munda.

Ntchito ya wokwatitsa maluwa, pa manja pokha, ndi yochepa moti mwana angaiphunzire m'mawa umodzi. Pakati pa duwa pali timikono titatu topindikira pamwamba pa ndevu. Kunsi kwa kamkono kalikonse kwabisala kanthu konyamula mungu, ndipo chakunsonga kuli kamlomo kopyapyala, konyowa pang'ono duwa likangomasula, kamene kamalandira munguwo. Wokwatitsa amathothola konyamula mungu ku duwa la bambo ndi kachitsulo kopanira, n'kukapaka pa timilomo ta duwa la mayi. Ambiri amathyola timasamba togwera kunja kuti njuchi isowe potera, ingabweretse mungu wachilendo. Kenako amamangirira kachikwangwani, dzina la mayi poyamba, la bambo pambuyo. Zikagwira, chibalobalo chimatupa n'kukhwima patapita miyezi iwiri kapena kuyandikira apo. Njere zake sizimera msanga. Zimafuna kuzizira kwa nyengo yachisanu ndi kutsukidwa ndi madzi, ndipo zina zimagona m'dothi zaka ziwiri kapena kuposerapo. Kawirikawiri duwa loyamba la mbande limaoneka patatha zaka ziwiri kuchokera tsiku lopaka mungu. Mbande iliyonse ndi yosiyana ndi inzake, ngakhale za m'chibalobalo chimodzi. Yosankhidwayo imachulukitsidwa pogawa matsinde basi, ndiye iris aliyense wa dzina limodzi, kaya ali ku France kaya ku Australia, ndi chidutswa cha mbande imodzi ija.

Luso lili pa kusankha makolo, ndipo apa diso la wokwatitsa limasiyana ndi la woweruza. Woweruza amafunsa zimene chomera chikuchita. Wokwatitsa amafunsa zimene chabisa.

Chisanafike chaka cha 1900, iris ambiri a m'minda ya ku Ulaya ankachokera ku makolo awiri akutchire: Iris pallida, wabuluu wotuwira, ndi Iris variegata, wachikasu wa mitsempha yofiirira. Onsewa ali ndi makromozomu 24 ndipo maluwa awo ndi ocheperako. A Michael Foster, pulofesa wa kagwiridwe ntchito ka thupi ku Cambridge, amene anali ndi munda ku Shelford, ankalandira matsinde kuchokera kwa amishonale ndi apaulendo a ku Turkey ndi madera ozungulira. Ena mwa iwo, monga 'Amas', anali ndi maluwa aakulu ndi mapesi aatali. Nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti chifukwa chake n'chakuti ali ndi makromozomu 48. Ankangoona kuti kukwatitsa akale ndi atsopanowa kumabala njere zowerengeka, koma mwa zochepazo mumatuluka zodabwitsa. Pafupifupi iris aliyense wamtali wamakono ndi wa makromozomu 48. Mphatsoyi inabwera ndi mtengo wake: ena mwa makolo a kumaiko otenthawo, monga Iris mesopotamica, sapirira chisanu chonyowa, ndipo kufooka kumeneko kunalowa m'magazi a zidzukulu. Mpaka lero iris wochita bwino ku California atha kuwola kumene nthaka imauma ndi chisanu n'kusungunuka mobwerezabwereza.

Mu 1917 munatuluka 'Dominion', wa a Arthur Bliss a ku Devon ku England. Timasamba take togwera kunja tinali tokhuthala, tapepo wakuda, tosalala ngati veleveti, zimene zinali zisanaonekepo. Phesi lake linali losasangalatsa, maluwa ounjikana pamwamba. Pa muyeso wa lero akanataya malikisi ambiri. Koma okwatitsa anaona mnofu uja, anamuthamangira, ndipo m'mibadwo yotsatira anakonza phesi n'kusunga veleveti.

Nkhani ya 'Snow Flurry' ndi imene imandigwira mtima. Mayi Clara Rees, a ku San Jose ku California, sanali amalonda. Ankalima maluwa kuseri kwa nyumba ndi m'bale wawo Ruth. Anapaka mungu wa 'Thais', wa makromozomu 24, pa 'Purissima', woyera wa makromozomu 48. Chibalobalo chinabala njere ziwiri zokha, ina yofwapa. Yabwinoyo inamera n'kutulutsa duwa loyera lobiriwira buluu pang'ono, la makwinya m'mphepete, pa phesi la mitu yambiri. A Ruth ananyamula maluwa ake kukaonetsa a Carl Salbach ku Berkeley, ndipo iwo anauika pa msika mu 1939. 'Snow Flurry' satulutsa mungu, amangotha kukhala mayi. Sanalandirepo mendulo yapamwamba. Koma makwinya amene lero timawaona ngati chibadwa cha iris anafala kudzera mwa iye, ndipo mukatsata makolo a mitundu yambiri yamakono, mumamupeza ali kumbuyoko. Munthu wina akadaona njere ziwiri m'chibalobalo akadataya. Mayiwa anafesa.

A Paul Cook, a ku Bluffton m'chigawo cha Indiana, ntchito yawo inali yogawa makalata m'midzi, ndipo maluwa ankawasamala akaweruka. M'tauni yomweyo munachokera 'Wabash' wa mayi Mary Williamson, woyera pamwamba ndi wapepo m'munsi, amene analandira mendulo yapamwamba ya Dykes mu 1940. Kaonekedwe kameneka kanali kovuta kukapititsa patsogolo, chifukwa kankabisala mwa ana ndipo njere zake zinkavuta kumera. A Cook anadzera njira ina. Anakwatitsa iris wamtali wabuluu ndi kachomera kakafupi kakutchire ka ku Balkans, Iris reichenbachii, ndipo mwana amene anatuluka anali wosakongola m'pang'ono pomwe. Mlendo akadamuona akadafunsa chifukwa chake sanazulidwe. Koma iwo anaona kuti mwa iye muli mphamvu yotsekereza utoto wabuluu m'timasamba toimirira mokha, ndipo kuti mphamvuyo imaonekera mwa ana mosabisala. Anamutcha 'Progenitor'. Patapita mibadwo ingapo yomukwatitsanso ndi aatali abwino, panatuluka 'Whole Cloth', woyera pamwamba ndi wabuluu wosalala m'munsi, amene analandira Dykes mu 1962. Maluwa ambiri a utoto uwiri amene amadzaza minda lero anadzera pakhomo limeneli.

Za pinki zimaonetsa mbali ina ya lusoli, ya masamu ndi kudekha. Utoto wa iris umachokera ku magwero awiri. Buluu ndi pepo zili m'madzi a m'maselo. Chikasu chili m'timatumba tina ta m'maselo momwemo. Pinki ndi olenji zimabwera pamene chikasucho chasanduka lycopene, chinthu chomwe chimafiiritsa tomato, ndipo ndevu nazo zimasanduka zaolenji. Khalidwe limeneli ndi lobisala, ndipo mwa chomera cha makromozomu 48 liyenera kupezeka kanayi konse kuti lioneke. Mukakwatitsa wapinki ndi wopanda khalidweli, ana onse amatuluka opanda pinki. Mukakwatitsa anawo okhaokha, mwa mbande 36 mumayembekezera imodzi yapinki, ndipo imodziyo itha kukhala ya phesi lofooka kapena duwa lopyapyala. A David Hall, loya wa ku Wilmette ku Illinois, anatha zaka 17 akufesa mbande masauzande asanaone pinki amene ankamufuna mu 1942. 'Cherie' wawo analandira Dykes mu 1951. Apinki oyambawo anali ndi timaluwa tating'ono ta mnofu wochepa, ndipo panafunika mibadwo ina kuti afike pa 'Vanity' ndi 'Beverly Sills' a a Ben Hager, amene analandira menduloyo mu 1982 ndi 1985.

Chimene anthu onsewa amafanana ndi kulimba mtima pozula. Nazale yaikulu, monga ya banja la Schreiner, imene inayambira ku Minnesota mu 1925 n'kusamukira kufupi ndi Salem ku Oregon, imafesa mbande masauzande chaka chilichonse. Zambiri zimamasula kamodzi n'kupita kudzala. Zochepa zimapatsidwa nambala n'kubzalidwanso, ndipo chaka chachiwiri ndi chachitatu zimayamba kuulula zimene duwa loyamba linabisa: iyi mitu yatsika kufika pa isanu, iyo yawola, inayo phesi lapendekeka. Kuzula duwa loipa n'kosavuta. Chovuta ndi kuzula lokongola kwambiri, limene mwalidikira zaka ziwiri, la utoto umene simunauonepo, chifukwa choti silibereka ana okwanira. Wokwatitsa wanzeru amalisunga kuseri ngati kholo, koma salipatsa dzina. Amene amalephera kudziletsa apa ndiye amadzaza misika ndi mayina omwe amasowa m'minda zaka zisanu zisanathe.

Ndinene mosabisa kuti yesero limeneli ndi lalikulu masiku ano. Maluwa amagulidwa poona zithunzi pa intaneti, ndipo chithunzi chimakonda makwinya ochuluka, ndevu zowala ndi utoto wachilendo. Pali alimi ambiri amene amadandaula kuti iris a agogo awo amakhala zaka makumi pambali pa mpanda osasamalidwa, pamene ena amakono amafuna kuleredwa ngati odwala. Dandauloli lili ndi choonadi, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti akale amene tikuwaonawo ndi opulumuka. Anzawo ofooka anatha kalekale. Komabe ntchito ya woweruza ndi kuimira mlimi wamba amene alibe nthawi yopopera mankhwala sabata iliyonse, ndipo akayamba kuvotera duwa m'malo mwa chomera, wamutaya mlimiyo.

Malikisi 10 a kusiyana ndi anzake aja ndi amene amateteza ntchitoyi kuti isasanduke yongodzaza fomu. Iris atha kukhala ndi mitu 8, phesi lolimba, masamba oyera, koma n'kukhala wabuluu wofanana ndi abuluu mazana amene alipo kale. Wotere palibe chifukwa chomupatsira dzina. Ndipo kusiyana sikutanthauza kufuula. A Cedric Morris, katswiri wojambula zithunzi amene ankakhala ku Benton End m'chigawo cha Suffolk, ankafesa mbande pafupifupi 1,000 pa chaka n'kumasankha ndi diso la wojambula: utoto wotuwira, wosakanikirana mofatsa, wovuta kuutchula dzina. Mitundu yawo inatsala pang'ono kutayika fashoni itasintha, mpaka mayi Sarah Cook anayamba kuisakasaka m'minda ya anthu n'kukaionetsa ku chionetsero cha maluwa cha Chelsea mu 2015, kumene inalandira mendulo yagolide. Mbali inayo kuli 'Thornbird' wa a Monty Byers, wa utoto wa udzu wouma wosakanikirana ndi kubiriwira, ndevu zake zothera ku tinyanga tapepo. Alipo ambiri amene sakonda kaonekedwe kake. Koma palibe angamusokoneze ndi wina, ndipo amakula mwamphamvu m'madera osiyanasiyana. Analandira Dykes mu 1997.

Popeza munda wa mwini umakondera mbande zake, iris amayenera kukayesedwa kwa eni ena. Ku America okwatitsa amatumiza matsinde ngati alendo ku minda ya dera limene kudzachitikire msonkhano wa bungwe, zaka ziwiri msonkhanowo usanafike, kuti oweruza adzaone phata lokhazikika m'dothi lachilendo. Ku Florence ku Italy, m'munda wa iris umene uli pa phiri pafupi ndi Piazzale Michelangelo, mpikisano wa maiko onse wakhala ukuchitika kuyambira 1957. Matsinde amafika kuchokera kumaiko osiyanasiyana, amabzalidwa pakati pa mitengo ya azitona ndi nambala yachinsinsi m'malo mwa dzina, ndipo amaweruzidwa m'chaka chachitatu. Oweruza sadziwa ngati phata limene ali nalo patsogolo ndi la katswiri wotchuka kapena la munthu wongoyamba kumene. Wopambana amalandira Fiorino d'Oro. Kumeneko kulinso mphotho yapadera ya iris woyandikira kwambiri kufiira kwa duwa la pa mbendera ya mzindawo. Iris wandevu sapanga mtundu wa utoto umene umapereka kufiira kwenikweni kwa psuu, ndiye okwatitsa amasanjikiza pepo pamwamba pa chikasu kapena olenji, n'kupeza kufiira kwa vinyo, kwa njerwa, kwa khofi. Chaka ndi chaka mphothoyo imapita kwa amene wayandikirako.

Mendulo yapamwamba ili ndi dzina la a William Rickatson Dykes, mphunzitsi wa pa sukulu ya Charterhouse amene analemba buku lalikulu la The Genus Iris mu 1913, nadzakhala mlembi wa Royal Horticultural Society, n'kumwalira pa ngozi ya galimoto mu 1925. Bungwe la British Iris Society ndilo linaikhazikitsa, ndipo ku America inayamba kuperekedwa mu 1927, kwa 'San Francisco' wa a William Mohr, amene anali atamwalira kale mu 1923. Njira yofikira kumeneko ndi yaitali dala. Mtundu umayamba walembetsedwa m'kaundula wa American Iris Society, bungwe limene linakhazikitsidwa ku New York mu 1920 ndipo limasunga mayina a iris a matsinde a dziko lonse. Ukalowa pa msika umadikira, kenako umakwera makwerero a mphotho imodziimodzi, iliyonse yovoteredwa ndi oweruza a m'madera osiyana nyengo, amene amayenera kuvotera chokhacho chimene achiona chikukula. Masiku ano pamapita zaka pafupifupi 7 kapena kuposerapo kuti mtundu ufike pa Dykes, ndipo pa chaka amapambana mmodzi. Pofika nthawiyo chidwi cha chinthu chatsopano chatha, mtengo watsika, ndipo iris uja wakumana ndi chilala, matalala ndi alimi aulesi.

Mmodzi mwa amene anadutsa m'zonsezi ndi 'Dusky Challenger' wa a Schreiner, amene anatuluka mu 1986 n'kulandira Dykes mu 1992. Ndi wapepo wakuda wa utoto umodzi, ndevu zomwe, wopanda tinyanga kapena mizere, maluwa aakulu onyezimira ngati silika pa phesi lochindikala la nthambi zotambasuka bwino. Kwa zaka zambiri wakhala akutsogola pa chisankho chimene mamembala a bungwelo amatchula iris amene amawakonda, ndipo ambiri ovotawo amamulima okha kuseri kwa nyumba zawo, kuchokera kumadera ozizira mpaka otentha. Anachokera m'nazale ya anthu osunga mabuku a makolo mosamala kwa mibadwo itatu, koma m'kaundula, pamalo polemba mayi ndi bambo ake, analembapo kuti sakudziwika.